Mlangizi Wopanda Makutu

Makampani amene amamveretsa anthu nyimbo kudzera pa intaneti, monga Spotify, Apple Music, Boomplay ndi YouTube Music, ali ndi lonjezo limodzi limene amanyadira koposa. Iwo amati munthu asavutikenso ndi kufunafuna nyimbo zatsopano, pakuti makina awo adzamudziwa bwino ndi kumusankhira zimene mtima wake ukufuna. Spotify, kampani ya ku Sweden imene idayamba kumveretsa nyimbo mu 2008 ndipo idafika kuno ku Malawi mu 2021, imapatsa womvera aliyense mndandanda wa nyimbo 30 Lolemba lililonse. Mndandandawu adautcha Discover Weekly, kutanthauza kuti sabata ndi sabata munthu azitulukira zachilendo. Ine ndikuti lonjezo limeneli ndi chikomekome cha mkuyu. Ntchito imene makinawa amaidziwa ndi kubwereza, ndipo akamalangiza amalangiza mokomera mwini wawo.

Tiyambe taona m'mene amagwirira ntchito, chifukwa mulibe matsenga m'menemo. Makina amalemba chilichonse chimene womvera wachita: nyimbo imene waimvera mpaka kumapeto, imene waibwereza, ndi imene waidumpha isanapite patali. Akatero amamuyerekeza ndi anthu ena miyandamiyanda. Akapeza kuti inu ndi munthu wina wa ku Lusaka mumakonda nyimbo zisanu zofanana, amatenga yachisanu ndi chimodzi imene mnzanuyo amakonda nakupatsani. Kuwonjezera apo amayeza liwiro la nyimbo, kukula kwa phokoso lake ndi kagundidwe ka ng'oma zake, luso limene Spotify idalikulitsa itagula kampani ya The Echo Nest mu 2014. Tisakane, njirayi imabala zipatso zina. Wokonda rege amapatsidwa rege, ndipo kawirikawiri amakhala rege womveka bwino.

Koma taonani funso limene makinawa amadzifunsa. Funso lake ndi limodzi lokha: n'chiyani chikufanana ndi zimene munthu uyu wamva kale? Mayi amene waona mwana wake akudya nyemba mokondwa Lolemba, namuphikira nyemba zokhazokha mpaka chaka kutha, sitinganene kuti akumudziwa mwanayo. Akungomumana therere, chambo ndi nkhwani wotendera. Khutu nalo limakula ngati lilime, ndipo limakula polawa zimene silidazolowere. Nyimbo zambiri zimene zimakhala nafe moyo wonse sizidatikomere tsiku loyamba. Mnyamata wa lero akamva koyamba banjo ya Allan Namoko ndi mawu ake aja, chala chimathamangira kudumpha. Makina amalemba kuti waikana, ndipo sachedwa kuleka kumupatsa zamtundu umenewo. Chikhala kuti anali ndi agogo ake pakhonde, akadamuuza kuti adikire kaye, amve chimene mkuluyo akudandaula, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa ikangodutsa masekondi 30, ndipo n'chifukwa chake oimba ambiri masiku ano amathamangira kuika kolasi koyambirira kwenikweni, kuopa kudumphidwa. Motero makina amene amati akungotsatira zokonda zathu ayamba kuuza oimba kapekedwe ka nyimbo.

Vuto lachiwiri likutikhudza ife kwambiri kuposa anthu a ku London kapena New York. Kuti makina alangize nyimbo molimba mtima, amafuna umboni wakuti anthu ena aimvera kale. Spotify yokha ili ndi nyimbo zoposa 100 miliyoni, ndipo tsiku lililonse makampaniwa amalandira nyimbo zatsopano pafupifupi 100,000. M'chigulu chotere, nyimbo yopanda chiwerengero cha omvera imamira. Tsono ife timamvera kuti nyimbo zathu? Timazimvera pa wailesi, m'minibasi, pa zikwati ndi m'matchalitchi. Timatumizirana pa WhatsApp, kapena kukaikitsa m'foni kwa anyamata a pamsika, chifukwa mtengo wa intaneti sulola munthu wamba kumvera nyimbo tsiku lonse. Zonsezi makina a ku Stockholm saziona. Nyimbo ikhoza kuvinidwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma m'kaundula wawo n'kumaoneka ngati yopanda mwini. Wophunzira wa ku Mchinji akangomvera nyimbo imodzi ya ku Nigeria, amalondoleredwa kwa Burna Boy ndi Davido, kenaka ku amapiano a ku Johannesburg. Oimba amenewa ndi aluso ndithu, ndipo palibe chowadera. Chodandaulitsa n'chakuti njira yobwerera kwa woimba wa ku Ndirande kapena ku Chipata ndi yopapatiza, pamene yopita ku Lagos ndi msewu wa tala.

Kusaonekaku kumafika mpaka m'thumba. Kuyambira mu 2024 Spotify silipira kanthu pa nyimbo imene sidamveredwe kokwana ka 1,000 m'miyezi 12. Woimba amene makina samuonetsa kwa anthu sapeza omvera, wopanda omvera salipidwa, ndipo wosalipidwa amavutika kubwerera ku situdiyo. Nanga za tanthauzo la nyimbo tinenenji? Kompyuta ikhoza kuyeza liwiro la nyimbo za Lucius Banda, ngakhale kuwerenga mawu ake amene, koma singadziwe chimene chinkachitika m'mitima ya anthu pomumva akuimba za mavuto a amphawi m'zaka zimene dziko lino linkatuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Kwa makina, iye ndi Evison Matafale ndi manambala oyandikana basi.

Chachitatu ndicho chimandipsetsa mtima. Tikamva kuti nyimbo iyi asankhira inu, timayesa kuti mlangiziyo ali mbali yathu. Mu 2020 Spotify idalengeza ndondomeko yotchedwa Discovery Mode. M'ndondomekoyi woimba kapena kampani yake amavomera kudulidwa ndalama 30 pa 100 iliyonse imene nyimbo yake yapeza m'malo ena a Spotify, kuti makina aziikankhira kwa omvera pafupipafupi. Womvera sauzidwa kuti mwa nyimbo zimene zikumudzera, yalowera pakhomo la kuseri ndi iti. Zoterezi si zachilendo. Ku America, mu 1959, kudabuka mkangano waukulu zitadziwika kuti aulutsi a pa wailesi ankalandira ndalama mobisa kuti aziika nyimbo zina. Muulutsi wotchuka Alan Freed ntchito idamuthera pomwepo, ndipo mu 1960 lamulo lidakhwimitsidwa kuti wailesi iziulula ikalipidwa. Chimene chidali chamanyazi pa wailesi chapatsidwa dzina lokongola pa intaneti. Mtolankhani Liz Pelly, m'buku lake la Mood Machine la mu 2025, adafotokozanso kuti mindandanda ina ya nyimbo zomvera powerenga kapena popuma idadzazidwa ndi nyimbo zotsika mtengo, zopangidwa ndi makampani apadera pansi pa maina ongopeka. M'chaka chomwecho gulu lotchedwa The Velvet Sundown lidapeza omvera oposa 1 miliyoni pamwezi, kenaka zidaululika kuti nyimbo zake ndi zithunzi zake zomwe zidapangidwa ndi kompyuta. Kodi mlangizi wotere tingamukhulupirire bwanji?

Wina anena kuti: nanga Giddes Chalamanda? Si makina a TikTok kodi amene adafalitsa nyimbo yake ya Linny Hoo mpaka kumaiko akutali, mkuluyo atapitirira zaka 90? N'zoona, ndipo tiyenera kukondwera. Koma Agide adaimba kwa zaka makumimakumi ku Chiradzulu ndi m'matauni a dziko lino, makina osawadziwa. Chidasintha zinthu n'chakuti mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi najambula nawo nyimbo zawo zakale mwatsopano. Makina adadzangokoleza moto umene munthu adayatsa kale. Nkhani ndi yomweyo kwa akaidi a ku ndende ya Zomba, amene Ian Brennan adawajambula mu 2013 ndipo chimbale chawo chidapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Ndi yomweyonso kwa a Madalitso Band, amene adamvedwa akuimba ndi gitala ndi babatoni m'misewu ya Lilongwe asanakaimbe ku Zanzibar ndi ku Ulaya. Ngakhale nyimbo za makolo athu zimene Hugh Tracey adajambula m'midzi ya Nyasaland m'ma 1950 zidapulumuka chifukwa munthu adanyamuka ndi kukatchera khutu. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makina amene ntchito yake ndi kutipatsa zofanana ndi zathu amatsekereza mlendoyo kubwalo.

Winanso anena kuti aulutsi a pa wailesi nawo amakondera, ndiponso kuti MBC, pamene idali wailesi yokhayo m'dziko muno kuyambira mu 1964, inkaletsa nyimbo zina. Izinso n'zoona. Komabe muulutsi ali ndi dzina ndi nkhope. Mukhoza kumulembera kalata, kumuimbira lamya, kapena kumudzudzula m'nyuzipepala. Ndipo wailesi imodzi pakhomo inkamveretsa mdzukulu nyimbo za agogo ake, agogonso n'kumva za mdzukulu, wina akufuna wina asakufuna. Makina amapatsa aliyense kanyumba kakekake, ndipo palibe khomo limene mungagogode kuti mufunse chifukwa chimene akubisirani nyimbo yakuti.

Sindikuuza wophunzira aliyense kuti ataye foni. Ndikunena kuti makampaniwa tiwafunse zinthu zomveka. Alembe poyera pambali pa nyimbo iliyonse imene yakwezedwa chifukwa mwini wake wavomera kudulidwa ndalama, ndi iliyonse imene yapangidwa ndi kompyuta. Alembe ntchito anthu odziwa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena kuti azisanja mindandanda ya nyimbo za kuno, m'malo motiunjika tonse pansi pa dzina limodzi la Afrika. Bungwe la COSOMA ndi la Musicians Union of Malawi ndiwo ayenera kutsogolera pempholi, ndiponso kuthandiza mabanja a oimba akale kusamutsa nyimbo za m'makaseti a m'ma 1980 ndi 1990, zimene zambiri mwa izo zikungoonongekera m'makatoni.