Dzina la Luangwa pa intaneti: tauni ya Feira ikubisika kumbuyo kwa nkhalango ya ku Mfuwe

Munthu akalemba liwu lakuti Luangwa pa makina ofufuzira nkhani a Google, chimene chimadzaza tsamba loyamba ndi anyalugwe, njovu ndi malo ogona alendo a ku South Luangwa National Park. Tauni ya Luangwa Boma, imene ili pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, imaoneka mwa apo ndi apo. Chonsecho malo awiriwa ndi otalikirana makilomita oposa 500 pa msewu: khomo la nkhalangoyo lili ku Mfuwe m'chigawo cha kum'mawa, pamene boma la Luangwa lili m'chigawo cha Lusaka, moyang'anizana ndi Zumbo ku Mozambique ndi Kanyemba ku Zimbabwe.

Nkhaniyi ikukhudza matumba a anthu. Mlendo wa ku Lusaka kapena wa kunja kwa dziko amayamba wafufuza pa foni asananyamuke. Mwini nyumba yogona alendo, woyendetsa bwato kapena wogulitsa nsomba amene dzina lake silioneka pa tsamba loyamba amataya makasitomala amene sanawaonepo n'komwe, popeza ndi anthu ochepa amene amapitirira kukafika pa tsamba lachiwiri.

Kuti vutoli limveke, m'pofunika kudziwa momwe makinawa amasankhira. Kampani ya Google, imene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa m'chaka cha 1998, inatchuka kaamba ka njira yotchedwa PageRank. Njirayi imawerenga malinki, ndiko kuti mawu a pa tsamba lina amene munthu akawadina amamutumiza ku tsamba linanso, ngati mavoti. Tsamba lolozeredwa ndi masamba ambiri odalirika limakwera pamwamba. Lero Google imayang'ananso zinthu zina zambiri, monga ngati nkhani ikuyankhadi funso la wofufuza komanso ngati tsamba limatseguka bwino pa foni ya m'manja, koma malinki akadali ndi mphamvu.

Apa ndi pamene Luangwa Boma imagonjera. South Luangwa inakhala national park m'chaka cha 1972, ndipo inali itatchuka kale chifukwa cha maulendo oona nyama poyenda pansi amene Norman Carr anayambitsa. Kwa zaka zambiri manyuzipepala a ku London ndi Johannesburg, makampani okonza maulendo ndi alendo eni ake akhala akulemba za nkhalangoyi. Mavoti onsewo anapita ku liwu limodzi lakuti Luangwa. Nyumba ya alendo ya zipinda zochepa ya ku Boma singapikisane ndi mulu wotere, ngakhale itawononga ndalama zochuluka bwanji.

Njira yanzeru ndi kusiya mpikisano umenewo ndi kugwira mawu amene ali a bomali lokha. Mawu oterewa alipo ambiri. Kufikira m'chaka cha 1964 tauniyi inkatchedwa Feira, liwu la Chipwitikizi lotanthauza msika, chifukwa Apwitikizi ankachita malonda a minyanga ya njovu, golide ndi akapolo pa madoko a Feira ndi Zumbo m'zaka za m'ma 1700. David Livingstone atadutsa ku Zumbo m'chaka cha 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Ku Kavalamanja, m'boma lomweli, asilikali a Rhodesia anachita chiwembu m'mwezi wa Marichi 1978, ndipo tsikulo limakumbukiridwa mpaka lero. Palinso chipatala cha mishoni cha Katondwe, madera a mfumu yaikulu Mburuma ndi mfumu Mphuka, komanso Lower Zambezi National Park imene ili kumadzulo.

Munthu wofufuza momwe angawolokere kuchoka ku Feira kupita ku Zumbo, kapena wofuna malo ogona pafupi ndi Kavalamanja, akufuna bomali osati lina. Anthu otere si ochuluka ngati ofuna Mfuwe, koma ndi amene angafikedi ndi kulipira. Ngakhale zili choncho, liwu lakuti Feira palokha lili ndi vuto lake: limabweretsa mizinda ya Feira de Santana ku Brazil ndi Santa Maria da Feira ku Portugal. Choncho mutu wa tsamba uyenera kutchula Feira, Luangwa Boma ndi Zambia pamodzi.

Tsambalo liyeneranso kuyankha mafunso enieni a wapaulendo. Ulendo wochokera ku Lusaka ndi wa makilomita oposa 300. Munthu amatsata msewu wa Great East mpaka pafupi ndi mlatho wa Luangwa, kenaka n'kukhotera kum'mwera makilomita pafupifupi 90. Tsamba lofotokoza zimenezi, nthawi ya mabasi, malo opezeka mafuta a galimoto ndi za pa chipata cholowera m'maiko oyandikana, lili ndi mwayi waukulu kuposa tsamba la zithunzi zokongola zopanda mawu.

Chinthu chosafuna ndalama ndicho kulembetsa bizinesi pa mapu a Google kudzera mu Google Business Profile. Malinga ndi kampaniyi, zotsatira za pa mapu zimatengera zinthu zitatu: kugwirizana kwa bizinesi ndi chimene munthu akufuna, mtunda, ndi kutchuka kwake, kuphatikizapo ndemanga za makasitomala. Pa mfundo ya mtunda, nyumba ya alendo ya ku Boma ilibe chifukwa choopera Mfuwe.

Za malinki, udindo waukulu uli m'manja mwa khonsolo ya Luangwa ndi bungwe lokopa alendo la Zambia Tourism Agency. Linki imodzi yochokera ku tsamba la boma kapena nyumba youlutsa mawu imalemera kuposa mazana ochokera ku masamba osadziwika. Amalonda achenjerenso ndi anthu olonjeza kuwaika pa nambala wani akalipira. Google inanena yokha kuti palibe angatsimikizire malo amenewo, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012, pamene inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Penguin, malinki ogula amatha kugwetsa tsamba kapena kungonyalanyazidwa.

Kuyambira m'chaka cha 2024, Google inayamba kuika pamwamba pa zotsatira mayankho achidule olembedwa ndi kompyuta. Mayankhowa amatengedwa m'nkhani zimene anthu analemba kale pa intaneti. Za South Luangwa zilipo zankhaninkhani. Za Feira n'zochepa m'Chingerezi, ndipo m'Chinyanja, Chinsenga ndi Chikunda n'zochepa koposa, ngakhale kuti Google Translate inayamba kumasulira Chichewa m'chaka cha 2014. Aphunzitsi, akuluakulu a mipingo ndi nduna za mafumu a m'bomali ndi amene akusunga mbiri ya doko la Feira ndi ya Kavalamanja, ndipo yochuluka ikadali ya pakamwa.