ZA PAKHOMO PATHU: Mlendo wa m'tabuleti asafike kuchipinda



Mwa makalata amene afika m'miyezi itatu yapitayi, ilipo imodzi ya mayi wina wa m'boma la Mangochi imene yankho lake lingathandize mabanja ambiri. Mayiwa akuti mwana wao amene ali ku Johannesburg anawatumizira tabuleti kuti adzukulu azimverapo Qur'an ndi maulaliki. Popeza bandulo ya intaneti ndi yokwera mtengo, iwo amabwereka fulashi kwa mwalimu wa pamadrasa n'kuilumikiza ku tabuletiyo ndi kachingwe kakafupi kaja kotchedwa OTG. Akangotero, pagalasi pamabwera mau a Chingerezi ofunsa kuti "Allow" kapena "Deny", ndipo ana amangodina "Allow" osawerenga. Funso lao n'lakuti, kodi chinthuchi chimapempha chiyani, nanga kuvomera kuli ndi vuto?

Poyamba tidziwe kuti amene akupemphayo si tabuleti ayi. Ndi imodzi mwa mapulogalamu amene ali m'katimo, aja achinyamata amawatcha ma app: ina yoimbira nyimbo, ina ya masewero, ina yoonera kanema, ina yowerengera Qur'an. Iliyonse inapangidwa ndi eni ake, ambiri a iwo anthu a kutali amene sitidzaonana nawo. Tsono funso lija lili ngati mlendo waima pabwalo n'kunena kuti odi. Mukadina "Allow" mwamuuza kuti lowani. Mukadina "Deny", kapena "Don't allow" pa matabuleti atsopano, mwamuuza kuti lero ayi.

Nkhani ya odi si yachilendo kwa Msilamu. Sura An-Nur, ya 24 m'Qur'an, imatiphunzitsa pa ndime 27 ndi 28 za kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba ya eni, ndi kubwerera ngati atiuza kuti tibwerere. Ndime 58 imafika mpaka pa ana a m'nyumba momwemo, kuti pali nthawi zitatu pa tsiku zimene sangangolowa kwa makolo osapempha. Komanso tonse tikudziwa kuti kulandira mlendo kuli ndi malire ake. Wogulitsa usipa amathera pakhonde. Mnzao wa bambo amafika pabalaza. Koma kuchipinda, kumene kuli sutikesi ya mapepala ndi zovala za amayi, sikufika munthu chifukwa choti wati odi mwaulemu. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amasunga mwambowu pakhomo, pa tabuleti amatsegulira aliyense mpaka kuchipinda.

Matabuleti ambiri amene ali m'manja mwa anthu kuno kunyanja amayendera Android, ya kampani ya Google, ndipo kapemphedwe kake kakhala kakusintha. Chisanafike chaka cha 2015 munthu ankavomera zonse nthawi imodzi poika pulogalamu, osadzafunsidwanso. Android 6 ya chaka chimenecho ndiyo inayamba kufunsa pa nthawi imene pulogalamu ikufuna chinthucho, koma funso lake linali limodzi la zithunzi, nyimbo ndi mafayilo onse pamodzi. Android 11 ya 2020 inamanga mipanda yambiri, ndipo Android 13 ya 2022 inalekanitsa chilolezo cha zithunzi ndi makanema ndi chija cha nyimbo. Ndatchula izi chifukwa matabuleti ena obwera ndi a ku Joni ndi akale ndithu. Musadabwe ngati mau a pa yanu akusiyana ndi a pa ya anansi anu.

Njira imene ndikuwalangiza mayi athuwa ndi yoti funso lija simuliyankha n'komwe. Tabuleti imabwera ndi pulogalamu yakeyake yoonera mafayilo, yolembedwa kuti "Files", kapena "My Files" pa Samsung. Mukalumikiza fulashi, tsegulani imeneyo, pezani dzina la fulashiyo, ndipo dinani ulaliki kapena sura imene mukufuna. Pulogalamu yoimbira imene itsegule fayiloyo imapatsidwa imodzi yokhayo basi. Kuli ngati kumutulutsira mlendo madzi m'kapu pakhonde. Amwa, ludzu latha, koma mtsuko sanauone.

Alipo mapulogalamu ena, monga oimba masura motsatizana, amene amafuna mafayilo angapo nthawi imodzi. Amenewa amakuonetsani zigawo za m'fulashi, zotchedwa mafoda, ndipo pansi pamakhala polembedwa kuti "Use this folder". Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amadina mauwa akadali pakhomo penipeni pa fulashi, asanalowe m'foda iliyonse, ndiye kuti apereka fulashi yonse. Choyenera n'kulowa kaye m'foda ya maulalikiwo, kenaka n'kudina. Dziwaninso kuti chilolezo chimenechi si choonera chokha. Kawirikawiri pulogalamu yopatsidwa foda ingathe kulembamo, kusintha maina, ngakhale kufufuta zimene zilimo. Ndipo sichitha tsiku lomwelo. Mukadzalumikizanso fulashi yomweyo mwezi wa mawa, khomo lingakhale likadali lotsegula.

Chilolezo chachikulu pa zonse ndi chotchedwa "All files access". Ameneyu ndi kiyi wa nyumba yonse: zithunzi za m'tabuleti, mapepala, memori khadi, ndi fulashi iliyonse imene idzalumikizidwe. Google yomweyo imati m'sitolo yake ya Play Store oyenera kupempha chilolezochi ndi mapulogalamu ochepa okha, monga osamala mafayilo, osunga makope ake ndi osaka mavairasi. Tsono ngati kasewero ka mwana ka magalimoto, kapena kapulogalamu konena nthawi za Swala, kakupempha zimenezi, dzifunseni kuti kakukafuna chiyani kuchipinda. Chithunzi cha mzikiti ndi dzina la Chiarabu si umboni woti amene anakapanga ndi wokhulupirika. Mu 2022 Google inachotsa m'sitolo yake mapulogalamu angapo, kuphatikizapo ena a nthawi za Swala ndi olozera Qibla, atapezeka kuti ankatola mwamseri zinsinsi za m'mafoni a anthu.

Tsopano tifike pa mfundo imene kalata ija sinaifunse, koma ndiyo yolemera. Fulashi imene mayiwa amalumikiza si yao. Ndi ya mwalimu. Ndipo fulashi ya munthu sikhala ndi chinthu chimodzi chokha. Pambali pa maulaliki mungakhale maina a ana amasiye olandira thandizo pamadrasa, ndondomeko ya ndalama za komiti ya mzikiti, chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi pasipoti ya m'bale wofuna ntchito kunja, komanso zithunzi za nikah, zija zojambulidwa kumbali ya amayi pamene atsikana anavula mipango poti panalibe amuna. Mwalimu pobwereketsa ankaganiza za maulaliki okha.

Chobwereka ndi amana, ndipo Sura An-Nisa ndime 58 imatilamula kubweza amana kwa eni ake. Ambiri timayesa kuti tikabweza kapulasitikiko kosasweka ndiye kuti tabweza amana. Koma ngati pulogalamu ya m'tabuleti yathu inakopera zithunzi zija n'kuzitumiza pa intaneti, kapulasitiki kabwerera koma ulemu wa atsikana aja watsala kwina. Mwina inu simunazione n'komwe zithunzizo. Komabe ndinu amene munati lowani, m'nyumba yosakhala yanu. Pa fulashi yanu mungasankhe mmene mungafunire. Pa ya eni, ine ndikuona kuti mulibe mphamvu yopereka kiyi wa nyumba yonse, ngakhale kwa pulogalamu imene mumaikhulupirira.

Mbali ina ili kwa obwereketsa. Mashehe, aphunzitsi a madrasa ndi alembi a makomiti, khalani ndi mafulashi awiri. Imodzi ikhale yoyenda m'mudzi, yokhala ndi Qur'an ndi maulaliki okha. Inayo, ya mapepala ndi zithunzi za banja, isatuluke m'sutikesi. Makamaka imene mumapita nayo kwa anyamata obena nyimbo pamsika isakhale ndi chinsinsi chilichonse, chifukwa ikalowa m'kompyuta mulibenso funso la "Allow" kapena "Deny". Zonse zimangooneka.

Wina anganene kuti ine ndine msodzi wamba, ndani angafune zithunzi zanga? M'maiko monga India, Nigeria ndi Kenya, mapulogalamu obwereketsa ndalama za katapira ankapempha chilolezo choona za m'foni, ndipo munthu akachedwa kubweza ankatumiza mauthenga omuchititsa manyazi kwa abale ndi anzake. Amene anavutika ndi zimenezi sanali olemera. Zinafika poipa moti mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a m'Play Store kuona zithunzi, makanema ndi manambala a anthu. Koma lamulolo limagwira a m'sitoloyo okha. Mapulogalamu amene ana amapatsana pa Xender kapena Bluetooth, ndi ena opezeka m'fulashi momwemo okhala ndi dzina lothera ndi "apk", sadutsa pachipata chimenecho. Kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo likuyang'aniridwa ndi MACRA, koma lamulo silingabweze chithunzi chimene chazungulira kale pa WhatsApp.

Ngati ana anavomera kale zambiri, makomowo angathe kutsekedwa. Lowani ku "Settings", kenaka "Apps", sankhani pulogalamu, ndipo pa "Permissions" muona zimene inapatsidwa. Kiyi wamkulu uja amabisika pena, kumene kumalembedwa kuti "Special app access" kapena "Special access". Yang'anani mndandanda umenewo pamodzi ndi mwana wamkulu wodziwa Chingerezi, ndipo pulogalamu imene palibe akuidziwa ichotseni. Kuichotsa kumatseka makomo onse amene inapatsidwa, ngakhale zimene inatumiza kale sizibwerera.

Ena amadandaula kuti fulashi siikuoneka n'komwe. Pa matabuleti ena OTG imayamba yayatsidwa ku "Settings", ndipo imadzizimitsa yokha ikakhala kanthawi osagwira ntchito. Amene ali ndi iPad, yao inayamba kuwerenga mafulashi mu 2019, kudzera mu "Files" momwemo. Kumbukiraninso kuti fulashi imadya moto wa tabuleti, choncho amene mumatchaja pa sola ndi bwino kukopera foda ya maulaliki m'tabuleti n'kubweza fulashiyo tsiku lomwelo.

Pali liwu limodzi limene mwana aliyense m'nyumba aliloweze, ndilo "Format". Nthawi zina tabuleti imalephera kuwerenga fulashi, makamaka imene inakonzedwa pa kompyuta mwa njira yotchedwa NTFS, pamene matabuleti ambiri anazolowera FAT32 ndi exFAT. Ikatero imanena mwaulemu kuti ingathe kuikonza. Kukonza kwake ndi kufufuta zonse zimene zilimo, maulaliki, maina a ana amasiye ndi zithunzi za nikah zomwe. Paja akulu amati safunsa anadya phula. Mukaona liwu limeneli dinani "Cancel", ndipo fulashiyo ipite kwa mwini wake kuti akaione pa kompyuta.

Pomaliza kumvera, musangozula. Kokerani pansi mauthenga a pamwamba pa galasi, dinani "Eject" kapena "Unmount", ndipo mudikire kuti tabuleti inene kuti mungachotse. Fulashi yozulidwa pamene ikulembedwa imaononga mafayilo, ndipo mwina mwini wake sangazindikire mpaka tsiku limene adzafune pepala la komiti.

M'kope likubwerali, Insha Allah, tidzayankha bambo wa ku Nkhotakota amene akufunsa za msinkhu woyenera kumugulira mwana foni yakeyake.