Ana aphunzire ufulu wachibadwidwe limodzi ndi udindo wawo

Patha zaka zoposa 30 chikhazikitsire malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, omwe mutu wake wachinayi umakamba za ufulu wachibadwidwe, koma nkhani ya momwe mwana wa sitandade 4 ku Nsaru kapena ku Nambuma angaumvetsere ufuluwu ikadali ntchito yaikulu kwa aphunzitsi, makolo ndi akuluakulu a zamaphunziro.

Kumbali ya malamulo, maziko alipo okwanira. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la bungwe la United Nations loona za ufulu wa ana mu 1991, ndipo ndime 42 ya panganoli imalamula maboma kuti adziwitse akulu ndi ana omwe za ufuluwu. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ana, pomwe gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro. Boma lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu mokakamizidwa. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana.

M'kalasi namonso mutuwu ulimo. Ndondomeko ya maphunziro ya PCAR, yomwe idakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2007, idaika nkhani za ufulu ndi udindo m'maphunziro monga Life Skills ndi Social Studies, ndipo imafuna kuti mwana aziphunzira potengapo mbali. Vuto limabwera pamene mphunzitsi ali ndi ana ochuluka kuposa 60 omwe ndondomeko ya boma imafuna pa mphunzitsi mmodzi. Pamenepo njira yapafupi imakhala kulemba mndandanda wa maufulu pabolodi kuti ana aloweze, adzayankhe pamayeso, kenako aiwale.

Kuloweza koteroko kuli ndi ngozi yake. Katswiri wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, adasonyeza kuti liwu loti "ufulu" lidachititsa Amalawi ambiri kumva nkhaniyi ngati chilolezo choti munthu achite zomwe akufuna. N'chifukwa chake kholo likamva mwana akunena kuti ali ndi ufulu, kawirikawiri limaganiza kuti sukulu ikuphunzitsa mwano. Komatu pangano la maiko a mu Africa loona za ufulu ndi umoyo wabwino wa ana la mu 1990, mu ndime 31, limanena poyera kuti mwana ali ndi udindo ku banja lake ndi ku dziko lake, kuphatikizapo kulemekeza makolo ndi akuluakulu.

Ntchito za m'kalasi ndizo zingalumikize mbali ziwirizi, ndipo zambiri sizilira ndalama. Kumayambiriro kwa teremu mphunzitsi angathe kukhala pansi ndi ana n'kupanga nawo malamulo a kalasi, lamulo lililonse likhale ndi ufulu womwe likuteteza. Mwana yemwe wanena yekha kuti aliyense ali ndi ufulu womvedwa amazindikira msanga kuti ayenera kukhala chete mnzake akamayankhula. Kusankha mtsogoleri wa kalasi poponya voti yachinsinsi kumaphunzitsa za chisankho kuposa tsamba lonse la manotsi. Ana aang'ono angathe kujambula zinthu zomwe amazifuna, kenako n'kuzigawa m'magulu awiri: zomwe mwana sangakhale popanda izo, monga chakudya, mankhwala ndi sukulu, ndi zongosangalatsa mtima.

Masewero ndiwo amafika pafupi kwambiri ndi moyo wa ana a m'dera la zamaphunziro la Lilongwe Rural West. Madera a Kabudula, Mpingu ndi Namitete ndi a alimi a fodya ndi chimanga, ndipo ntchito yothyola, kusoka ndi kupachika fodya m'zigafa imagwa mkati mwa teremu yachiwiri. Lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Sewero la mwana yemwe wajomba sabata yonse chifukwa cha fodya lingapatse ana mpata wosiyanitsa kuthandiza makolo akaweruka kusukulu, komwe ndi udindo, ndi ntchito yomulanda maphunziro. Chimodzimodzinso sewero la mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa lingatsegule nkhani ya lamulo la maukwati la mu 2015, lomwe lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, komanso ndondomeko ya mu 1993 yolola atsikana kubwerera kusukulu akachira pambuyo pobereka.

Komabe phunziro lalikulu mwana amalitenga kwa mphunzitsi mwiniwake. Malangizo a Unduna wa Maphunziro amaletsa kukwapula ana, ndipo mphunzitsi yemwe waphunzitsa za ulemu wa munthu m'mawa n'kudzagwira mkwapulo masana amakhala wafafaniza yekha zonse zomwe waphunzitsa.

Apa mpomwe udindo wa ogwira ntchito m'boma ukuonekera. Alangizi a sukulu m'mazoni, ma PEA, ayenera kugwiritsa ntchito misonkhano ya aphunzitsi ya m'ma TDC poyeserera njirazi, ndipo poyendera sukulu aziona momwe phunziro laperekedwera pamwamba pa kuwerenga zomwe zalembedwa m'makope. Makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi mafumu ayenera kuitanidwa kudzaonerera masewero a ana kuti amve okha zomwe zikuphunzitsidwa.

Chofunikanso kwambiri n'chakuti mwana akaphunzira ufulu wake amayamba kuulula nkhanza zomwe ankabisa. Mphunzitsi wamkulu aliyense ayenera kudziwiratu kopita ndi nkhani yotere: kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, kapena kuimba nambala yaulere ya 116, mogwirizana ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010. Sukulu ikaphunzitsa mwana kuyankhula koma n'kulephera kumuthandiza pamene wayankhula, mwanayo ndi anzake sadzabweranso ndi dandaulo lina.