Mbiri ya msilikali isathere kumanda

Pamaliro kwathu kuno mbiri ya malemu sichedwa kutha. Wachibale amaimirira ndi kapepala n'kutiuza chaka chimene malemu adabadwa, mpingo umene amapemphera, ana ndi zidzukulu zimene asiya, kenaka matenda amene awatenga. Ngakhale munthu amene adamenya nkhondo kutsidya la nyanja, nabwera kudzatsegula golosale pamsika, naumbitsa njerwa za sukulu, timamuperekeza ndi mawu omwe aja akuti anali munthu wabwino.

Abale anzanga, kumeneku n'kukwirira chuma.

Matauni athu ang'onoang'ono ambiri adakhalapo ndi mkulu wotere. Anthu ankangomutchula kuti wa Keyala, dzina lochokera ku King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda. Pankhondo ya 1939 mpaka 1945, anyamata a ku Nyasaland adakamenya ku Somaliland ndi ku Ethiopia, adafika ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adali m'nkhalango za ku Burma kulimbana ndi asilikali a ku Japan. Moyale Barracks ya ku Mzuzu idatenga dzina la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali athu adalimbana ndi Ataliyana mu 1940. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ena adatumizidwanso ku Malaya.

Nanga adabwerako ndi chiyani? Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adaulula mu 2019 zidaonetsa kuti pa ndalama yothokozera, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pomwe wachikuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa mashileni atatu ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma malipiro ankasankha.

Ndi kangachepe komweko, ena adagula makina osokera n'kukhala atelala pakhonde la sitolo. Ena adatsegula kokagulitsira tiyi, ena okala ya mchere, sopo ndi palafini, pa nthawi imene masitolo akuluakulu anali a Mandala ndi amwenye. Amene adaphunzira kuyendetsa kapena kukonza galimoto ku usilikali adadyera luso lomwelo.

Gawo limene timaliiwala kwambiri ndi la pambuyo pake. Mkulu wa golosale uja ndi yemwenso ankasankhidwa kusunga ndalama za komiti ya sukulu chifukwa ankadziwa kulemba m'buku ndi kusunga nthawi. Kukagwa maliro, nsalu ndi misomali ankapereka pangongole. Mayi akadwala usiku, njinga kapena galimoto yake ndiyo inali ambulansi. Mwezi wa February, nkhokwe zitapepuka, kabuku kake ka ngongole kankadyetsa mabanja. Zonsezi popanda alawansi, zimene masiku ano ambiri aife sitingachite ngakhale pamsonkhano wokonza mjigo wathu womwe.

Inde, chaka chilichonse mwezi wa November akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa pazipilala za chikumbutso ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Mwambowu ndi wofunika, koma umakumbukira asilikali monga gulu. Sungatiuze za mkulu wa ku Mitundu, ku Ntaja kapena ku Jenda, dzina lake ndi zimene adachitira anthu a kwawo. Ntchito imeneyo ndi ya ife abale ake ndi anansi ake.

Ena anganene kuti nkhondozo zinali za azungu, tiwatamirenji? Funsoli n'lomveka. John Chilembwe yemwe adadandaula mu 1914 kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Koma n'chifukwa chake mbiriyi iyenera kusungidwa yonse, zokoma ndi zowawa zomwe: mmene adalembedwera usilikali, anzawo amene adatsala kumeneko, maloto oipa amene ankawadzidzimutsa usiku. Sitikufuna kuwasandutsa angelo ayi. Tikufuna kuti ana athu adziwe kuti tauni yawo sidamere yokha ngati bowa.

Nthawi yatha kale. Mnyamata amene adalowa usilikali mu 1944 ali ndi zaka 18 adabadwa mu 1926, choncho a m'badwo umenewo atsala owerengeka. Komabe tili ndi asilikali amene adalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987 pankhondo ya ku Mozambique, ndi amene adakasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Ambiri adapuma, akuyendetsa zigayo ndi timashopu pakati pathu, ndipo timawadutsa ngati sitikuwaona.

Choncho ngati pakhomo panu pali mkulu wotere, musadikire tsiku la kapepala lija. Khalani naye pansi, mumufunse, mujambule mawu ake pafoni, mulembe m'kope. Mamendulo, zithunzi ndi zikalata zake za usilikali musungire kutali ndi chiswe. Ngati adatisiya kale, agogo aakazi ndi anzake a kumpingo akudziwa zambiri. Aphunzitsi, aitaneni akuluakuluwa adzacheze ndi ana m'kalasi. Mafumu ndi makomiti, mdadada wa sukulu umene munthu adaukhetsera thukuta ungathe kutchedwa dzina lake iye akadali moyo, adzionere yekha.

Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiyeni tiwafunse akadamva, tiwathokoze akadatha kuyankha kuti zikomo.