Chikwangwani cha kantemba si zinyalala

Chama ikukula. Mu Novembala 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anabwezera boma lathu ku Eastern Province titakhala zaka khumi ku Muchinga, ndipo mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwense iliyonse. Panthawiyo Chama inali ndi ziwiri, North ndi South. Manje nkhani yokonza pa boma ili pakamwa pa aliyense, ndipo ife achinyamata tikuifuna. Chimene tikukana ndi maganizo akuti tauni imaoneka bwino pokhapokha mukazula kathabwa kolembedwa "Mpunga ulipo" kapena "Timameta kuno".

Anthu ena ophunzira amanena poyera kuti zikwangwani za tuntemba zimanyansitsa tauni. Zimanyansitsa kwa ndani? Mlendo akatsika basi yochokera ku Lundazi amadziwa bwanji kumene kuli mpunga wa Chama wonunkhira uja, kumene akonza foni, kumene kuli salaula yatsopano? Mtsikana wogwira ntchito mu booth ya Airtel Money kapena MTN alibe ndalama zolipira wailesi. Kathabwa kaja ndiye wailesi yake. Mukakachotsa mwamulanda makasitomala, ndipo madzulo ano ndiwo sizigulika.

Tinaona mmene Lusaka imachitira. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, asilikali anachotsa amalonda m'misewu, ndipo boma linatulutsa Statutory Instrument No. 12 ya 2018 yokhwimitsa zilango. Mu Julaye 2023 nduna Gary Nkombo anatsogolera ntchito ina yowachotsa pakati pa tauni. Kolera ndi matenda oopsa, palibe wotsutsa. Koma njira yoyamba ndi chikwapu, zokambirana n'kubwera pambuyo, tisaitengere kuno. Chama ikali yaing'ono, mpata wolemba lamulo labwino zinthu zisanathine ulipo.

Sitikunena kuti aliyense aziika chimene wafuna paliponse. Thabwa loimikidwa pakati pa njira ya oyenda pansi limakankhira ana a sukulu mumsewu, mmene mukuthamanga njinga zamoto. Lata logwera mu ngalande limatseka madzi mvula ikagwa. Chikwangwani cha pa mphambano chimabisa galimoto imene ikubwera. Zimenezi zichoke, ngakhale mwini wake akhale mnzathu.

Koma lamulo liyambire pamwamba. Ku São Paulo, ku Brazil, lamulo la Cidade Limpa la mu 2006 linagwetsa zikwangwani zikuluzikulu za makampani, pamene masitolo anangouzidwa kukula kwa chikwangwani chololedwa. Ifenso tikufuna chilungamo chotero. Kampani ya ndalama imene yapaka khoma lonse utoto wake ilipire zambiri kuposa mayi wogulitsa vitumbuwa. Andale nawonso asathawe. Zisankho zikatha, nkhope zawo zimatsala pa mitengo ndi pa mapolo a magetsi mpaka dzuwa litazifufutitsa, koma palibe amene amazitcha zinyalala.

Pempho lathu kwa makhansala ndi losavuta. Lembani kukula kwa chikwangwani chololedwa ndi malo amene sichiyenera kuima. Mtengo ukhale umodzi, wotsika, womatidwa pa khoma la khonsolo ndi pa msika, m'Chinyanja, m'Chisenga ndi m'Chingelezi. Wolipira alandire lisiti, chifukwa lamulo losadziwika mtengo wake limasanduka munda wa ziphuphu. Kathabwa kamene mwini wake amakalowetsa m'nyumba madzulo kasalipitsidwe. Wolakwa ayambe wachenjezedwa ndi kalata ndi kupatsidwa masiku okonza, katundu wake asanalandidwe. Chipani chilichonse chisiye ndalama ya chikole, ibwezedwe chikamatula mapepala ake.

Ndipo ife tisangodandaula pa WhatsApp. Lamulo la Local Government Act la mu 2019 linakhazikitsa ma Ward Development Committee, ndipo kumeneko ndi kumene nkhani zotere zimayambira. Tikapanda kupita, adzatilembera lamulo anthu amene sanagulitsepo ngakhale thumba limodzi la mpunga. Funsani khansala wa wodi yanu tsiku la msonkhano wotsatira, muuzenso wometa ndi wa pa booth, tipite tonse.