Masikauti Apereka Manja, Ife Tipereke Malata

Anzanga a m'Cipani, Masikauti a m'midzi mwathu akadzipereka kumanga nyumba yodikiriramo amai apakati pafupi ndi cipatala, tisaime patali ndi kungoyang'ana. Acinyamatawa mphamvu ali nazo: adzaumba njerwa, adzatunga madzi, adzatuta mcenga. Cimene alibe ndi simenti, malata ndi misomali, ndipo izi zifuna ndalama.

Ciyambire 1907, pamene Baden-Powell anayambitsa gululi, nchito ya Msikauti ndiyo kuthandiza ena. Nawo Umunthu umene Dr Kenneth Kaunda analengeza mu 1967 unaphunzitsa kuti munthu ndiye woyamba pa zonse. Nanga mai wobereka m'ngolo panjira, cifukwa cipatala ciri kutali, tamuika poyamba kodi?

Cotero nthambi iriyonse isonkhe nkhokwe zikali zodzala. Wopanda ndalama apereke thini ya cimanga kapena nshawa kuti zigulitsidwe. Mwini ng'ombe abwereketse ngolo yake. Msungacuma alembe ngwee iriyonse m'buku ndi kuwerenga poyera pamsonkhano, pakuti copereka cikasowa kamodzi, anthu sadzaperekanso.

Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni malata akwere mvula isanagwe.