Mphindi imodzi yoyang'ana chifuwa cha mwana

Kuno ku Nangongwe mukafunsa anyamata ndi atsikana amene amaliza Giredi 12 kuti akufuna kuchita chiyani, ambiri akuyankhani kuti unesi. Sindiwadzudzula. Kafue Textiles inatseka kalekale, ku Nitrogen ntchito sizipezeka ngati masiku a makolo athu, ndiye mwana akayang'ana uku ndi uku amaona kuti yunifomu yoyera ndiyo ili ndi tsogolo. Mu 2022 boma litalemba anthu azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, makolo ambiri anayamba kuthamangira mafizi a koleji. Ena mwa ophunzirawo m'mutu mwawo muli kale ndege ya ku UK.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene ambiri amaonera chaka choyamba. Kuyala bedi, kusambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kuyeza kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima ndi kupuma, zonsezi amaziyesa ntchito zonyozeka, zongopirira mpaka adzafike pa jekeseni ndi dripu. Ine ndikuti nesi amapangidwira pomwepo. Jekeseni aliyense angaphunzire kubaya m'masabata ochepa, koma kuyang'ana munthu n'kudziwa kuti zinthu zikuipa kumatenga nthawi ndi mphunzitsi woleza mtima.

Mwana wa mlongo wanga, wa chaka chimodzi ndi theka, anatentha thupi ndi kutsokomola masiku atatu. Tinapita naye ku kiliniki ina, anamuyeza malungo, sanapezeke. Ife tinali titakonzeka kale kulandira Panadol n'kubwerera kunyumba. Wophunzira wina wa unesi anati, "Amayi, mukwezeko malaya a mwanayo." Anadikira kuti mwana aleke kulira, anayang'ana wotchi, n'kukhala chete mphindi yathunthu akuyang'ana chifuwa. Anthu pa mzere anayamba kung'ung'udza, inenso mumtima ndinkati mwana ameneyu akutichedwetsa. Anawerenga 54, anaitana amene ankamuyang'anira, ndipo mapeto ake tinauzidwa kuti ndi chibayo. Mwana anayamba mankhwala tsiku lomwelo.

Nambala imene ija inali ndi tanthauzo chifukwa mtsikanayo ankadziwa poiyika. Malangizo a WHO amati mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, ndiye kuti akupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi amene sanakwanitse zaka 5, malire ndi 40. Komanso mtsikanayo sanakhutire ndi yankho lakuti malungo palibe. Anadzifunsa kuti ngati si malungo, nanga thupi latentha ndi chiyani? Kuganiza kwa nesi n'kumeneko: kuona, kufunsa, kulumikiza zimene wapeza, kuchitapo kanthu, kenako kubweranso kudzaona ngati zasintha.

Ndaonanso zina. Nthawi ina ndikudwazika amalume m'wodi ya chipatala china, ndinasuzumira mapepala a kumapazi a mabedi. Pa kupuma aliyense anamulembera 20, m'mawa 20, madzulo 20, ngakhale mkulu wina amene ankachita kubanika. Sindinaone munthu akuwerenga. Chonsecho kupuma ndi kugunda kwa mtima nthawi zambiri kumasintha msanga munthu akayamba kufooka, BP imatsika mochedwa. Mayi amene akutaya magazi atabereka mtima umayamba kuthamanga BP ikuoneka bwinobwino. Wolemba 20 asanawerenge wazimitsa belu loyamba lochenjeza, ndipo chizolowezi chotere chimayambira kusukulu.

Kumbukirani kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka mu Januwale 2024 Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala. Anthu akamabwera ambirimbiri chonchija, palibe makina amene angakuuzeni kuti uyu amwe ORS, uyu aikidwe dripu pompano. Nesi amayang'ana ngati maso alowa, amatsina khungu la pamimba kuona ngati likubwerera msanga, amagwira pa dzanja kumva mtima, amaona ngati munthu angathe kumwa. Zonsezo ndi maphunziro oyambirira aja amene timawapeputsa.

Anzanga ena a unesi amandiyankha kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanaonepo mzere wa Lolemba m'mawa pa kiliniki ya Nangongwe kapena pa Kafue General. Nesi mmodzi, anthu odzaza mabenchi, mphindi imeneyo aipeza kuti? Akunena zoona, anesi ndi ochepa ndipo atopa. Koma nesi wopanikizika amagwira ntchito ndi zimene zinalowa kale m'maso ndi m'manja mwake. Ngati sanazolowere kuwerenga ali wophunzira, nthawi akadali nayo, sadzayamba ali yekha usiku ndi wodi yonse.

N'chifukwa chake makoleji a unesi amene achuluka masiku ano ayenera kufunsidwa mafunso. Nursing and Midwifery Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa General Nursing Council, ndi imene imavomereza sukulu ndi kupereka laisensi, koma singaime kumbuyo kwa wophunzira aliyense m'wodi. Ophunzira akaunjikana khumi ndi asanu pa bedi limodzi, amene ali kumbuyo amangoona misana ya anzake n'kusainitsa buku.

Inu amene mukufuna dipuloma ya zaka zitatu imeneyi, musanalipire, funsani ngati kolejiyo ili m'kaundula wa Council. Funsani kuti ophunzira amakachitira kuti maphunziro a m'wodi, amalowa angati m'wodi imodzi, ndipo ndani amaima pambali pawo kuwafunsa kuti, "Wapeza 54, ndiye uchita chiyani?" Akakuyankhani mwa kukuonetsani chithunzi cha basi yawo yatsopano, bwererani nazo ndalama zanu.